Mchira wa Gologolo ndi Matumba Ogona Tulo

Padangokhala. Vomerani ndithu kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi simudzaimva pakamwa pena ikukoma chonchi.

Kalekale nyama za m'mudzi wa Kanyatula zinagwirizana zomanga msewu wochoka kwawoko kukafika kumsika. Chovuta chinali mtsinje wa pakati. Mvula ikangogwa njira inkaduka, tomato ndi maungu n'kumawolera m'madengu. Choncho zinasankha a Njovu kukhala wapampando, a Nyani kukhala kapitawo, ndipo zipangizo zinapezeka: miyala ya kwale, mchenga, matumba a simenti, ndi makalavati, mapaipi akuluakulu aja odutsitsa madzi pansi pa msewu.

Koma msewuwo sunkatha. Mudziwu unali ndi mwambo umene aliyense ankaunyadira, wakuti wopempha sakanizidwa. Mnzako akaona chinthu pakhomo pako n'kuwomba m'manja, unkayenera kumupatsa osafunsa zambiri. Pa mchere ndi pa moto mwambowu unali wabwino kwabasi. Pa zipangizo za msewu unali chiswe. Uyu timiyala ta mafuwa, uyu kamchenga kotsukira mapoto, uyu kasimenti kotsekera una wa khoswe. Ntchito ikamafika pakati, mulu uli psiti.

Chaka choyamba wosunga zipangizo anali Chule. Zitatha msewu usanafike n'komwe pamtsinje, nyama zinapsa mtima, zomwe zija zinkapemphazo, n'kugamula kuti wosunga akalephera azidulidwa mchira. Ntchito yodulayo anapatsidwa a Nkhanu, telala wa m'mudzimo, poti sizasi anabadwa nayo. Chule anabwerera kwawo kumbuyo kuli see. Chaka chachiwiri Mbira naye zinamuonekera zomwezo.

Chaka chachitatu, pa msonkhano wosankha wosunga watsopano, aliyense anakhalira mchira wake n'kumayang'ana pansi. Mmodzi yekha ndi amene sanaukhalire: Gologolo, amake Tsalani. Mayi ameneyu anali ndi mchira wokongola kuposa onse, ndipo ankadziwa. Ankaupesa m'mawa uliwonse, kuudzoza mafuta a nsatsi, ndipo akamayenda ankayima pang'ono pa mphambano kuti anthu auone bwino. Pamsonkhanopo anatembenukira kwa mnzake n'kunena, mawu osatsitsa, kuti Chule ndi Mbira chinawavuta n'chakuti mutu unachepa. Iye akanakhala wosunga, ngakhale kamwala kamodzi sikakanasowa.

A Njovu makutu awo mukuwadziwa.

"Amake Tsalani, mwadzisankha nokha," anatero. "Tiwombereni m'manja mayiwa."

M'manja munalira. A Nkhanu anabwera chammbali monga amayendera, anauzungulira mchira uja akuuyeza ndi maso, n'kunena chapansipansi kuti tsache la m'shopu mwawo linali litatha kale. Gologolo anaseka kuti anthu aone mano, koma atafika kunyumba anakumbatira mchira wake, osadya.

M'mawa mwake anadzuka ndi nyimbo. Anaipeka yekha kuti antchito aziimba. Wotsogolera ankafunsa kuti msewuwu ndi wa yani, gulu n'kumayankha kuti ndi wa amene waupondapo, ndipo pothera pa yankholo aliyense ankagunditsa phazi pansi mwamphamvu. Inali nyimbo yoti ngakhale wodwala msana amapezeka akugwedeza phewa.

Ntchito itangoyamba, anatulukira a wapampando eni ake, chidengu chili kuchitamba. Poti manja analibe, anawombetsa makutu.

"Amake Tsalani, mayi akunyumba akufuna khitchini yatsopano. Tigawireniko timiyala ta maziko."

Gologolo anayang'ana chidengucho. Mukanalowa theka la mulu. Komabe anagwada mwaulemu wonse.

"Bambo, inu ndikakukanizani ndikagona mudzi wake uti? Tengani. Koma khitchini ya a wapampando singakhale pa miyala yofooka. Mawa ikagwera mayi, anthu adzati Gologolo ndiye anapereka zinyalala."

Ndiye anawafotokozera mmene miyala ya anthu aakulu imasankhidwira. Antchito aimwaze pamsewu, iwo aipondeponde. Mwala umene utsale uli chiimire pansi pa phazi lawo, umenewo ndiye woyenera khitchini. Umene umire m'dothi ndi wachabe, ausiyire amphawi oyendapo. A Njovu anati zimenezi n'zanzeru, ndipo anadabwa kuti sanaziganize okha.

Antchito anamwaza miyala. A Njovu anaponda, miyala inamira. Anamwazanso kutsogolo, inamiranso. Apo Gologolo anayambitsa nyimbo ija, ndipo pamene gulu linkagunditsa phazi, a wapampando nawo ankagunditsa onse anayi. Anayamba n'kuponda, anatha n'kuvina, chitamba m'mwamba, mbuyo ikugwedera uku ndi uku. Pamene dzuwa linkapendeka anali atafika pamtsinje, mulu utatha, msewu utalimba ngati pansi pozira.

Gologolo anagwadanso, nkhope yomvetsa chisoni.

"Bambo, manyazi andigwira. M'mulu wonse uja mulibe mwala wolimbana ndi phazi lanu."

A Njovu anamutonthoza kuti asadandaule, si mlandu wake, ndi mmene iwo anabadwira. Anapita kwawo chidengu chili pululu, ndipo aliyense amene anakumana naye panjira anamuimitsa kuti amufotokozere mmene miyala ya kwale inawathawira.

Sipanapite nthawi, anabwera a Mvuu. Awa ndiye anali ovuta kuwiri, chifukwa anali namkungwi amene analanga Gologolo ali namwali. Anati pagombe pawo pachuluka matope, adzukulu akusowa pogona masana, ndiye akufuna mchenga. Anawonjezera kuti za a Njovu anamva, ndipo iwo mawondo anawasiya kalekale, kuvina ayi.

Tsono mchenga uja unali ukumusowetsa kale tulo Gologolo. Amene anaubweretsa anautula kumudzi, pamene ntchito yake inali kumtsinje, koyala pansi pa makalavati. Wilibala inalipo imodzi, nayo yolira ngati mwana wa mbuzi. Kuututa wonse kukanatenga nthawi mpaka mvula kugwa. Ndipo a Mvuu nyumba yawo inali pamtsinje pomwepo.

"Amayi, n'kugawira inu pang'ono ngati mlendo? Tengani wonse."

"Wonse, mwana wanga?"

"Wonse. Adzukulu aja ndi anganso."

A Mvuu anamuyang'anitsitsa, kufunafuna pamene pali msampha, osapaona. Anaitana ana awo aakazi, n'kututa mchenga wonse tsiku lomwelo, kukauunjika pakhomo pawo. A Nkhanu ataona pamalo pali mbee, anayamba kunola sizasi pamwala, akuimba mluzu.

Kutacha, a Mvuu anamva odi. Potuluka anapeza Gologolo atagwada, akuwomba m'manja, kupempha kamchenga pang'ono koyala pansi pa makalavati, poti wauona pakhomo. Kumbuyo kwake kunali Gwape ndi kambale, naye akuwomba m'manja. Kumbuyo kwa Gwape kunali Nungu ndi lichero. Mzere wa antchito unafika mpaka pokhota, aliyense ndi chotengera chake, aliyense waulemu.

A Mvuu anatsegula kukamwa kuti akalipe, koma chinatuluka ndi chiseko. Anaseka mpaka madzi anachita mafunde.

"Mwana iwe, mwambowu ndinakuphunzitsa ndine. Ndikadandaule kwa yani?"

Anapereka. Gologolo anawasiyira wokwanira pogona adzukulu, wotsalawo unayalidwa, makalavati n'kukhazikidwa pamwamba pake tsiku lomwelo. Nyimbo ija inaphuka ndime yatsopano, yonena za katundu amene anapita kukacheza kwa agogo n'kupezako ntchito. A Mvuu ndi amene ankaivomera mokweza kuposa onse.

Apa Gologolo sankagwirikanso. Ankauza aliyense kuti nzeru ngati zake zimabadwa kamodzi pa mudzi. Kunangotsala chinthu chimodzi: kumanga makoma m'mbali mwa makalavati kuti madzi asadzakokolole msewu. Matumba a simenti anali m'chisakasa, akudikira.

Ndiye anabwera kapitawo. A Nyani anakwatira msuweni wake wa Gologolo, kotero awiriwa anali pachilamu, ndipo sankalankhulana popanda kulasana. Anakhala pa thumba limodzi, kulisisita ngati mwana.

"Alamu, phanga langa likudontha. Mawa ndibwera ndi anyamata anga kudzapempha matumbawa. Ndikuuziranitu kuti mukonzeke: ine sindivina. Ndipo kwathu n'kuphiri. Wobwera kudzapempha amafika mpweya utatha, mawu osatuluka."

"Alamu, inu kapitawo wathunthu kudya msewu wanu womwe?"

"Sindikudya, ndikupempha. Koma musade nkhawa, mchira ukapita mudzazolowera. Onani ine, kumbuyo kuno ubweya kulibe, koma akazi anga sadandaula."

Anapita akuseka. Gologolo anazungulira chisakasa, anazunguliranso. Kenako anakumbukira kuti mwambo umagwira chimene maso aona. Chosaoneka sichipemphedwa. Tsiku limenelo mudzi wonse unali ku chinkhoswe cha mwana wa Mbawala. Iye anati mutu ukumupweteka, n'kutsala. Anthu atangozimiririka, anatenga wilibala yolira ija n'kuchita chimene amayi ake ndi agogo ake onse ankachita ndi mtedza akaopa akuba: kukwirira pansi. Thumba ili apa, lina apo, lina patali, osaika awiri pamodzi, n'kufafaniza bwinobwino. Gologolo aliyense akanachita chomwecho, ndipo palibe gologolo akanaima n'kufunsa ngati simenti ndi mtedza zili pachibale.

M'mawa a Nyani anafika ndi gulu lawo, manja atakonzeka kale kuwomba. Anapeza chisakasa chili gwaa chotsegula, mkati muli mphepo yokha, Gologolo ali pakhomo akupesa mchira.

"Pemphani chilichonse mukuchiona, alamu. Chipesochi mukuchifuna?"

A Nyani anabwerera akukanda m'khwapa. Madzulo ake kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yobwera modzidzimutsa dzinja lisanafike. Inagwa yamphamvu ndithu. Nyama zonse zinatuluka kukavina pamsewu watsopano, ndipo amene anavina kwambiri anali Gologolo, osadziwa kuti akuvinira tsoka lake.

A wapampando atalengeza kuti makoma ayambike, poti dzinja layandikira, Gologolo anapita kukafukula. Apa ndi pamene anakumana ndi vuto lachiwiri la mtundu wake. Agologolo amadziwa kubisa, koma kukumbukira pamene abisa, ayi. Anakumba apa, anapeza mtedza wa chaka chatha. Anakumba apo, anapeza njere ya mango. Atatopa, zala zikuwawa, anagunda thumba limodzi. Analigogoda. Linayankha kuti go, go, go. Analigogodanso. Chinyezi chinali chitalowa, ndipo thumba lonse linali litasanduka mwala.

Nthawi yomweyo anadutsa a Nkhanu, chammbali, n'kumupempha mwaulemu kuti akamakumba azikweza mchira, chifukwa tsache lamatope iwo salifuna.

Gologolo anakhala pa thumba louma lija, mchira uli pamiyendo, n'kulira pang'ono. Kenako mkwiyo unamugwira, analimenya chidendene. Silinasweke. Analidumphira, analigenda ndi mwala. Silinatekeseke. Anasiya kulira. Analiyang'ana bwino: lathyathyathya pansi, lathyathyathya pamwamba, lolemera, ndipo anzake onse, kulikonse kumene anali, anali a msinkhu womwewo. Chimene chinkasowa ndi manja ofukula ndi misana yonyamula. Anapukuta maso, anapesa mchira, n'kukwera phiri.

Anafikadi mpweya utatha. Utabwerera, ananong'oneza a Nyani kuti chibale n'chibale, iye sanagone n'chisoni poganiza za msuweni wake akunyowa m'phanga. Matumba aja anawakwirira m'mbali mwa msewu, kuyambira kumudzi mpaka kumtsinje. Onse amene alamu awafukule ndi awo. Koma asauze munthu.

A Nyani sanadikire kuti amalize. Anatsika ndi mtundu wawo wonse, n'kubwereka a Njiri kuti azinunkhiza. Anafukula mbali iyi, anafukula mbali inayo, ndipo pofukulapo anasiya ngalande ziwiri zimene msewu unkazifuna kale. Matumba anatuluka ambirimbiri. Koma pamene a Nyani anafuna kung'amba limodzi ndi mano, dzino linatsala pang'ono kutsalira pomwepo.

"Alamu, mwandipatsa miyala."

Gologolo anaseka mpaka anagwira nthiti.

"Inu kapitawo wa msewu simudziwa simenti yogona tulo? Iyi ndi ya makono. Ikakwiriridwa imagona kuti akuba aiyese mwala. Ndimayesa munaionapo kutauni kumene mumanena kuti munagwirako ntchito."

Anyamata a Nyani anayang'ana bwana wawo. A Nyani anatsokomola, n'kunena kuti akuidziwa bwino, amangofuna kuona ngati alamu akuidziwanso. Ndiye anafunsa, ngati akumuyesa mayeso, kuti imadzutsidwa bwanji.

Gologolo anayankha ngati mwana wasukulu. Imadzuka ndi madzi oyenda, anatero, ndipo madzi oyenda bwino ali pakamwa pa makalavati. Matumbawo asanjidwe mbali zonse ziwiri, mothithikana, lapamwamba likhale pakati pa awiri apansi monga zimakhalira njerwa, ndipo kumbuyo kwake atsireko dothi n'kulitsendera kuti mtsinje usawabe ali m'tulo. A Nyani anati wakhoza. Analamula anyamata awo, ndipo poti ankasanja chuma chawo chomwe, anasanja mosamala kuposa mmene anagwirirapo ntchito ina iliyonse chibadwire. Gologolo anayambitsa nyimbo, koma ulendo uno anaiimba motsitsa ngati yogonekera mwana, ndipo anyani ankagunditsa mapazi pa dothi lija pang'onopang'ono kuti asadzutse matumba nthawi isanakwane.

Kuyambira pamenepo a Nyani ankatsika m'mawa uliwonse kudzagogoda. Go, go, go. Gologolo ankati tulo take n'tambiri, apirire.

Tsiku loyendera msewu linafika, kumwamba kutada bii. Mudzi wonse unasonkhana pamtsinje. A Nkhanu anafika oyamba, sizasi ikunyezimira. A Nyani nawo anali atazindikira tsopano kuti adyeredwa masuku pamutu, ndipo anabwera atakonzeka kuulula kuti wosunga anawononga simenti yonse. Anatsegula pakamwa, koma mvula inawaposa. Inagwa ngati ikutsanulidwa mumtsuko. Mtsinje unadzaza, unabwera ukulira, unagunda makoma aja, unafunafuna polowera, unasowa, n'kulowa m'makalavati mwaulemu ngati mkamwini wolowa kwa apongozi.

A Njovu anakwera pamwamba pake. Anayenda, anabwerera, anadumpha pang'ono. Palibe chinagwedera. A Nkhanu anatsikira pansi kukatsina thumba limodzi kuti apeze chifukwa, n'kubwerako akuuzira sizasi yawo, itabenthuka kunsonga.

"Khoma ngati ili sindinalionepo," anatero a wapampando. "Wamanga ndani?"

A Nyani anatsegulanso pakamwa, koma Gologolo anali atagwada kale.

"Bambo, ine ndi wosunga chabe. Amene anafukula, kunyamula ndi kusanja ndi manja awo, osalipidwa, osatumidwa ndi munthu, ndi alamu angawa, a kapitawo. Mpaka lero amabwera m'mawa uliwonse kudzaligogoda kuti aone ngati lili bwino."

Nthungululu zinalira. A Mvuu anati kapitawo wotere ndi wosowa. A Njovu anawakweza ndi chitamba n'kuwakhazika pamsana pawo kuti onse awaone. Ali pamwambapo a Nyani anaganiza msanga. Akanena zoona, anayenera kufotokoza chimene ankafuna pofukula matumba a msewu, ndi mmene kapitawo wathunthu anadikirira kuti mwala udzuke. Anatseka pakamwa, anakweza dzanja, n'kunena kuti iwo ntchito ya chitukuko ili m'magazi.

Atatsika anadutsa pafupi ndi Gologolo.

"Alamu, phanga langa likudonthabe."

"Tsopano msewu ulipo, alamu. Mukagule udzu kumsika."

Nyimbo inayambanso, yamphamvu, mvula ikugwa. Wotsogolera anafunsa funso lake lija, ndipo ulendo uno mudzi wonse unayankha, mapazi akugunda pa msewu wawo. Madengu a tomato anawoloka tsiku lomwelo. Chule ndi Mbira ndi amene anapempha kuti chilango cha michira chithe, ndipo msonkhano unavomera, n'kuwonjezera kuti mchere ndi moto zizipemphedwabe, koma katundu wa msewu ndi wa msewu. A Nkhanu anakagula tsache la udzu ngati wina aliyense.

Gologolo sanavomerepo kwa munthu kuti analakwitsa. Ankauza aliyense kuti zonse anazikonza dala kuyambira pachiyambi. Komabe chaka chotsatira, simenti ya msewu wina itafika, anamangitsa thandala lalitali, ladenga losadontha, n'kusanja matumba pamenepo kutali ndi nthaka, ndipo wina akatchula zokwirira ankasintha nkhani. Mchira wake kuyambira pamenepo anayamba kuunyamula m'mwamba, wopindikira kumsana, kuti a Nkhanu aziuona bwino akamadutsa.

Koma pali kanthu kamodzi kamene anthu a ku Kanyatula sanakadziwe. Tsiku lokwirira lija, amake Tsalani anasankha thumba limodzi labwino kwambiri n'kulibisa padera, kutali ndi msewu, loti adzakonzere khonde lawo ntchito ikadzatha. Anyani sanalipeze. Mwini wakenso sanalipeze. Ndiye mukadzaona gologolo akukumba apa, n'kuthamangira apo, n'kuima n'kuyang'ana uku ndi uku ngati palibe akumuona, musamufunse. Adzakuuzani kuti akufuna mtedza.

Nthano yanga yawoloka mtsinje mapazi ali ouma, ndipo yathera pomwepa.